Kuphunzitsa Mbiri ya Masiteshoni a Njanji pa Sukulu Zakutali ndi Njanji: Chitsanzo cha ku Biriwiri

MAWU OYAMBA

Ambiri mwa inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzatumizidwa ku sukulu za kumidzi kumene ana sanaonepo sitima ya pamtunda chibadwire. Kumeneko mutu wa mbiri ya njanji udzakhala ukukudikirani, monganso umadikirira mphunzitsi wa ku Limbe amene ana ake amamva kulira kwa sitima ali m'kalasi. Mphunzitsi amene sanakonzeke bwino akafika pa mutu umenewu amangolemba zaka zinayi kapena zisanu pa bolodi, ana nakopera, naloweza, ndipo mayeso akangotha zonse zimatuluka m'mutu. Choipa kwambiri n'chakuti ana otere amakula akuganiza kuti mbiri yakale ndi nkhani ya anthu ena okhala kwina, yosakhudza agogo awo ngakhale mudzi wawo.

M'nkhani ino tatenga dera la Biriwiri, m'boma la Ntcheu, kuti likhale chitsanzo chathu. Biriwiri ali pa msewu waukulu wa M1, kumpoto kwa tauni ya Ntcheu, pa malire a Malawi ndi Mozambique. Njanji sinafikeko. Imadutsa kum'mawa, kunsi kwa mapiri, m'chigwa cha Bwanje. Tikufuna kuonetsa kuti ngakhale pa malo otere phunziroli likhoza kugwira mtima wa mwana, ndiponso kuti kusowa kwa njanjiko n'kumene kungatithandize kuyamba phunziro. Zimene talemba pano n'zoyenera ana a Sitandade 6 ndi 7, ndipo zigawidwe m'maphunziro anayi.

ZIMENE MPHUNZITSI AYENERA KUDZIWA

Munthu sangagawire anzake chimene iye mwini alibe. Chifukwa chake tiyamba ndi mbiri imene mphunzitsi ayenera kukhala nayo m'mutu asanalowe m'kalasi, ngakhale kuti sadzainena yonse kwa ana.

Njanji isanabwere, katundu wochokera kunja ankalowera pa doko la Chinde, kumene mtsinje wa Zambezi umathirira m'nyanja ya mchere, nakwera ndi sitima za pamadzi mu Zambezi ndi mu Shire. Koma pakati pa Shire pali mathithi, monga a Kapichira, amene sitima singadutse. Motero katunduyo ankatsitsidwa kumunsi kwa mathithi, ndipo anthu ankamsenza pamutu kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Anthu amenewa ankatchedwa amtengatenga, ndipo mmodzi ankasenza mtolo wolemera makilogalamu pafupifupi 25. Mawu akuti "mtengatenga", amene lero timatchulira ntchito yonse ya magalimoto, sitima ndi ndege, akutikumbutsabe za anthu amenewa.

Azungu a minda ikuluikulu ya ku mapiri a Shire, amene poyamba ankalima khofi ndipo pambuyo pake thonje, fodya ndi tiyi, ankadandaula kuti njira imeneyi inali yodula ndi yochedwa, komanso kuti inkawalanda anthu oti agwire ntchito m'minda. Kampani ya Shire Highlands Railway inakhazikitsidwa m'chaka cha 1895, ndipo mmodzi wa eni ake otchuka anali Eugene Sharrer. Ntchito yoyala njanji inayamba ku Chiromo mu 1903. Popeza madzi a mu Shire anali kuphwa kotero kuti sitima zinkalephera kufika pa Chiromo, njanjiyo inayenera kutsikanso mpaka ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Sitima yoyamba inafika ku Blantyre m'mwezi wa Malichi 1908, pa njanji yotalika mamailosi 113.

Pano tiime pang'ono pa masiteshoni awiri a mumzinda wathu waukulu wa zamalonda, chifukwa ali ndi phunziro limene tidzalifuna kutsogolo. Blantyre analipo kale njanji isanafike. Anayambitsidwa ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, ndipo kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inali itamanga kale masitolo ake kumeneko. Choncho siteshoni ya Blantyre inapeza tauni ili chilili, ndipo kwa zaka 27 inali pothera njanji. Limbe anayamba mosiyana. Eni njanji anasankha malo amenewa, makilomita pafupifupi 8 kuchokera ku Blantyre, kuti akhale likulu lawo ndi pokonzera mainjini ndi mabogi. Mu 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ya fodya pomwepo, Amwenye anamanga masitolo, anthu ofuna ntchito anabwera kuchokera ku maboma onse ozungulira, ndipo tauni inamera mozungulira siteshoni. Matauni awiriwa anaphatikizidwa kukhala amodzi mu 1956. Ana aone kusiyana kumeneku: pena tauni imaitana siteshoni, pena siteshoni imabala tauni. Luchenza, Balaka ndi Salima ndi matauni ena amene anakula chifukwa cha siteshoni.

Mainjini awiri aang'ono amene anagwira ntchito pomanga njanji yoyambayo anapatsidwa mayina akuti Thistle ndi Shamrock. Atapuma ntchito sanaphwanyidwe. Thistle anasungidwa pa siteshoni ya Limbe, ndipo Shamrock anapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Mayina a malo nawonso amasunga mbiri. Pafupi ndi siteshoni ya Blantyre pali malo okwerera mabasi otchedwa Wenela, dzina la bungwe limene linkalemba amuna kupita ku migodi ya ku Johannesburg, kumene makolo athu ankati ku Joni. Pakati pa Blantyre ndi Limbe pali Ginnery Corner, dzina lochokera ku makina otongola thonje.

Njanji ya 1908 inalibe njira ya kunyanja ya mchere. Mu 1914 inapitirizidwa mamailosi 61 kuchokera ku Port Herald mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yotchedwa Trans-Zambezia, yochokera cha ku Beira, inafika kutsidya lina la mtsinjewo. Koma pakati panali madzi, ndipo anthu ndi katundu ankatsika m'sitima, nawoloka pamadzi, nakweranso sitima ina. Madzi akaphwa kapena akasefukira, katundu ankakhala masabata ambiri m'mbali mwa mtsinje. Vutoli linatha mu 1935 pamene unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita 3.67.

Chaka chomwecho cha 1935 ndicho chofunika kwambiri kwa ana a ku Ntcheu. Kampani ya Nyasaland Railways, imene inatenga njanji za m'dziko muno mu 1930, inamaliza njanji yopita kumpoto. Inachoka ku Blantyre, niwoloka Shire, nidutsa Balaka, nilowa m'boma la Ntcheu pa Bilira ndi Sharpevale, nipitirira ku Golomoti ndi Chipoka mpaka ku Salima. Pa Chipoka sitima ya pamtunda inakumana ndi ya pamadzi. Sitima ya Ilala, imene inamangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswa pa njanji imeneyi kuchokera ku Beira, ndipo italumikizidwa inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Ana a ku Ntcheu amanyadira akamva kuti zidutswa za Ilala zinadutsa m'boma lawo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, njanji zina zinawonjezedwa. Mu 1970 inatsegulidwa yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yopita ku doko la Nacala. Njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 mothandizidwa ndi dziko la Canada, ku Mchinji mu 1980, ndi ku Chipata mu Zambia mu 2010. Koma panagwanso zovuta zazikulu. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo katundu wa dziko lino anayamba kuyenda pa malole mitunda italiitali pa mtengo wokwera. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo. Mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa njanji kwa kampani ya Central East African Railways, ndipo m'zaka za m'ma 2010 kampani ya Vale inamanga njanji yatsopano yonyamula malasha a ku Moatize kudzera pa Nkaya kupita ku Nacala.

SITESHONI NDI CHIYANI?

Mwana amene sanaonepo sitima amaganiza kuti siteshoni ndi pokwerera anthu basi, monga poima minibasi. Tiyenera kumuonetsa kuti siteshoni yakale inali ndi ntchito zambiri, ndipo ntchito iliyonse inasiya chizindikiro chimene chimaoneka ngakhale pa masiteshoni amene anasiyidwa.

Choyamba, injini za kale zinali za nthunzi. Zinkawiritsa madzi ndi moto wa nkhuni kapena malasha, ndipo nthunziyo ndiyo inkakankha magudumu. Injini yotere imamwa madzi ambiri, motero pa masiteshoni ambiri panali thanki lalikulu la madzi pamwamba pa nsanamira, ndiponso milu ya nkhuni kapena malasha. Injini za dizilo zitayamba kubwera m'zaka za m'ma 1960, matankiwa anayamba kutha ntchito.

Chachiwiri, njanji yathu ndi ya mzere umodzi. Sitima ziwiri zoyenda moyang'anizana sizingapatukirane ngati ngolo pa msewu. Chifukwa chake pa siteshoni pamakhala njanji yachiwiri yopatukira, pamene sitima imodzi imaima kudikira kuti inzake idutse. Mkulu wa siteshoni ankalankhulana ndi mnzake wa siteshoni yotsatira pa lamya, ndipo sitima sinkaloledwa kunyamuka asanagwirizane. Miyoyo ya anthu onse a m'sitima inali m'manja mwa munthu ameneyu.

Chachitatu, siteshoni inali msika. Panali shedi ya katundu, sikelo yoyezera matumba, zenera logulitsira matikiti, ndi nyumba za antchito. Sitima ikaima, amayi ankabwera ndi nthochi, nzimbe, chimanga chootcha ndi nsomba kudzagulitsa pa mazenera a mabogi. Makalata ndi ndalama za amuna a kumigodi zinkadzeranso pomwepo. Pa nthawi ya atsamunda ngakhale kakhalidwe ka m'sitima kankaonetsa tsankho, pakuti mabogi abwino anali a Azungu, pamene anthu akuda ambiri ankathithikana pa mabenchi a matabwa m'kalasi yotsikitsitsa.

FUNSO LIMENE LIGWIRE PHUNZIRO LONSE

Phunziro labwino la mbiri yakale limakhala ndi funso limodzi limene ana akufunitsitsa kuliyankha. Kwa ana a ku Biriwiri funsolo ndi ili: Kodi n'chifukwa chiyani njanji inadutsa ku Bilira ndi ku Sharpevale, osakwera kuno kwathu kumene kuli anthu ambiri ndi mbatata yambiri?

Ana ambiri adzayankha kuti n'chifukwa cha mapiri, ndipo yankho limeneli n'loona. Gudumu la chitsulo pa njanji ya chitsulo limaterera, kotero kuti sitima yolemera singakwere chitunda chimene lole imakwera. Pakati pa chigwa cha Bwanje ndi mtunda wa Ntcheu pali zitunda zazikulu. Koma mphunzitsi asaime pamenepo. Awakumbutse ana kuti Nsanje ili pa malo otsika, osafika ndi mamita 100 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Limbe ili pa mamita opitirira 1,000, ndipo njanji inakwera mtunda wonsewo mokhotakhota. Tsono ngati inatha kukwera ku Limbe, inalekeranji kukwera ku Ntcheu?

Apa ndi pamene ana ayamba kuganiza ngati anthu odziwa mbiri. Ku mapiri a Shire kunali minda ya Azungu amene anali ndi mawu pamaso pa boma. Ku mtunda wa Ntcheu kunali alimi a m'midzi, anthu a Inkosi ya Makosi Gomani, amene sanafunsidwe. Cholinga cha njanji ya 1935 chinali kukafika ku nyanja, ndipo njira yachidule ndi yotsika mtengo inali ya m'chigwa. Ana afike okha pa mfundo yakuti njanji imatsata malo osavuta, koma pamene pali ndalama ndi mphamvu imakwera ngakhale phiri. Umboni wina ndi wakuti Lilongwe anailandira mu 1979, patapita zaka zinayi chikhalireni likulu la dziko mu 1975.

Pali funso lina lotsatana nalo, la amene analipira. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail analemba mu 1975 kuti ngongole za njanji ya Trans-Zambezia ndi mlatho wa pa Zambezi zinasenzetsedwa dziko la Nyasaland, ndipo zinadya ndalama zimene zikanamangira sukulu, zipatala ndi misewu. Ena amati popanda njanjiyo fodya ndi tiyi sizikanafika pa msika wa kunja. Ana a Sitandade 7 akhoza kumva mbali zonse ziwiri nanena maganizo awo.

KUKONZEKERA

Sabata imodzi phunziro lisanayambe, mphunzitsi asonkhanitse zipangizo izi: mapu a Malawi, chingwe chachitali, timitengo ta nsungwi, mabokosi a machesi, zitsekerero za mabotolo, dongo, phulusa, thabwa limodzi losalala, ndi lula yoyezera. Zonsezi zimapezeka pamudzi popanda ndalama. Akaonanenso ndi mphunzitsi wamkulu ndi anyakwawa, nawafotokozera kuti ana adzakhala akufunsa akuluakulu mafunso, ndiponso kuti akufuna kuitana munthu mmodzi kapena awiri amene anakwerapo sitima kale kuti adzacheze ndi kalasi. Kulowa m'mudzi ndi mafunso mfumu isanadziwe n'kudziyikira minga panjira.

PHUNZIRO LOYAMBA: MAPU A PANSI

Tulutsani ana panja. Pa bwalo lambulani malo otalika mapazi khumi, ndipo jambulani mapu a chigawo cha kum'mwera ndi cha pakati ndi phulusa. Ana aumbe mapiri ndi dongo, aike miyala poimira Nsanje, Chiromo, Limbe, Blantyre, Balaka, Bilira, Sharpevale, Chipoka ndi Salima, ndipo mwala wa mtundu wina uimire Biriwiri. Perekani chingwe kwa gulu limodzi, nimuwauze kuti iwo ndi omanga njanji amene alamulidwa kuchoka ku Blantyre kukafika ku nyanja. Asankhe okha njira, nafotokoze chifukwa chake. Musawauze yankho. Gulu lina lipendeketse thabwa pang'onopang'ono, litaika bokosi la machesi lodzaza mchenga pamwamba pake, naone pamene bokosilo liyamba kutsetsereka. Abwerezenso atanyowetsa thabwalo. Akatero mudzalemba funso lathu lalikulu pa bolodi, ndipo likhale pomwepo sabata yonse.

Musanalowe m'kalasi, ana awiri ayeze pansi mamilimita 1,067, ndiko kuti mita imodzi ndi masentimita pafupifupi 7, naike nsungwi ziwiri motalikirana choncho. Kumeneko ndiko kutalikirana kwa zitsulo za njanji ya Malawi. Ana ambiri amadabwa poona kuti chinthu chachikulu chimene amachimva chimayenda pa kanjira kopapatiza chotero.

PHUNZIRO LACHIWIRI: MZERE WA ZAKA NDI MASAMU

Mangani chingwe kuchokera pa khoma lina la kalasi kufika pa linzake. Sentimita zisanu ziimire chaka chimodzi, kuyambira 1900. Ana apachike timapepala pa 1908, 1914, 1922, 1935, 1970, 1979 ndi 1997, aliyense akunena chimene chinachitika. Kenaka, ndipo apa ndi pofunika, apachikenso chaka chimene agogo awo anabadwa, chaka chimene sukulu yawo inamangidwa, ndi chaka chimene iwo anabadwa. Mwana akaona kuti dzina la agogo ake lapachikika pafupi ndi chaka cha mlatho wa Dona Ana kapena cha njanji ya Nacala, zaka zija zimaleka kukhala manambala ouma.

Masamu alowe pomwepo. Ngati mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, kodi mamailosi 113 ndi makilomita angati? Yankho ndi pafupifupi 181. Ngati wamtengatenga mmodzi ankasenza makilogalamu 25, pankafunika anthu angati kuti asenze tani imodzi? Anthu 40. Nanga tikayerekeza kuti bogi imodzi yanyamula matani 20, yagwira ntchito ya anthu angati? Anthu 800. Ngati bwalo la mpira ndi lotalika mamita pafupifupi 100, kodi mabwalo angati angandandalikidwe pa mlatho wa Dona Ana? Pafupifupi 37. Mwana amene wawerengera yekha anthu 800 safunanso kuuzidwa chifukwa chimene njanji inasinthira moyo wa dziko.

PHUNZIRO LACHITATU: KUFUNSA AKULUAKULU

Ili ndilo phunziro limene sitingalizengereze. Amuna amene anakwera sitima za nthunzi kupita ku ntchito akutha m'midzi yathu chaka ndi chaka, ndipo aliyense akamwalira amapita ndi nkhani imene sinalembedwe m'buku lililonse. Makolo anati mawu a akulu akoma akagonera, koma ife tisadikire kuti agonere eni ake atapita.

Amuna a ku Ntcheu ankapita kum'mwera m'njira zosiyanasiyana. Ena ankayenda pansi kudzera ku Angonia ndi Tete mpaka ku Salisbury, amene lero ndi Harare. Ena ankakwera malole otchedwa a Ulere. Ena ankatsikira ku Balaka kapena ku masiteshoni a m'chigwa nakwera sitima. Ena ankalembedwa ndi Wenela kapena Mthandizi. Boma linaimitsa ntchito ya Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown mu Botswana nipha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Ena mwa amene anapita sanabwerenso, ndipo ndiwo timawatcha machona.

Ana akonzeretu mafunso pamodzi ndi mphunzitsi, ndipo akhale afupiafupi ndi aulemu. Mwachitsanzo: "Agogo, munali ndi zaka zingati pamene munakwera sitima koyamba? Munakakwerera kuti, ndipo munafikako bwanji? Munatenga kamba wotani? Munaona chiyani pa siteshoni ya Limbe? Pobwera munabwera ndi chiyani?" Asaiwale agogo aakazi: "Agogo aamuna atapita, munkalima ndi yani? Msonkho ankalipira ndani? Makalata ankafika bwanji?" Mbiri ya sitima ndi ya otsala omwe, pakuti ndiwo anagwira mudzi.

Mlendo akabwera m'kalasi, mpatseni mpando, mwana mmodzi amlonjere m'malo mwa anzake, ndipo mphunzitsi akhale pambali. Nkhani ikapatuka musamdule mawu msanga. Ana awiri alembe zimene akunena. Mlendo akatchula chaka chosiyana ndi cha m'buku, musamtsutse pamaso pa ana. Akachoka, funsani kalasi chifukwa chimene anthu awiri angakumbukire chinthu chimodzi mosiyana, ndi njira imene tingadziwire choona. Pamenepo ana aphunzira chinthu chachikulu kuposa chaka chenichenicho, ndicho kuyesa umboni.

PHUNZIRO LACHINAYI: SITESHONI YATHU

Ana agawidwe m'magulu anayi. Gulu loyamba liumbe siteshoni yakale ndi dongo ndi mabokosi a machesi, yokhala ndi thanki, njanji yopatukira, shedi ndi nyumba ya mkulu wa siteshoni. Gulu lachiwiri likonze sewero lalifupi la sitima ziwiri zokumana pa Sharpevale, mmene muli mkulu wa siteshoni, woyendetsa, wogulitsa matikiti, amayi a malonda, ndi mnyamata wotsanzikana ndi mayi ake. Gulu lachitatu lilembe bwino nkhani za akuluakulu aja m'kope limodzi, limene lisungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Gulu lachinayi lilembe kalata yopempha kapena yokana kuti njanji ifike ku Biriwiri, likupereka zifukwa zitatu. Pomaliza bwererani ku funso la pa bolodi, ndipo mwana aliyense alembe yankho lake m'ziganizo zisanu.

ULENDO WOKAONA SITESHONI

Ngati makolo ndi komiti ya sukulu angathe kupeza galimoto, ulendo wa ku Balaka, Bilira kapena Sharpevale udzapindulitsa kwambiri. Mphunzitsi apite yekha choyamba kukapempha chilolezo kwa oyang'anira njanji. Pa tsikulo pakhale wamkulu mmodzi pa ana khumi alionse. Ana auzidwe momveka kuti sayenera kuyenda pakati pa zitsulo, kukwawa kunsi kwa mabogi, kukwera pa thanki lakale, kapena kuika miyala pa njanji. Sitima yolemera singaime msanga ngakhale woyendetsa atamuona mwana. Aliyense atenge kope, najambule chinthu chimodzi chakale ndi chimodzi chatsopano. Ngati ulendo sutheka, mapu a pansi ndi mlendo wa m'kalasi zikwanira.

ZOYENERA KUSAMALA

Biriwiri ali pa malire, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri za msewu. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome mu 1992, anthu othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi analowa m'dziko muno, ndipo ambiri anakhala m'boma la Ntcheu. M'kalasi mwanu mudzakhala zidzukulu zawo. Pofotokoza za kutsekeka kwa njanji ya Beira ndi Nacala, nenani zimene zinachitika popanda kuloza chala mtundu wa anthu. Momwemonso mwana amene agogo ake anachona asakakamizidwe kulankhula. Wina aliyense wofunsidwa ali ndi ufulu wokana, ndipo dzina lake lisalembedwe m'kope ngati sakufuna.

Samalaninso ndi nthawi. Kuumba ndi kusewera kumakoma, ndipo kukhoza kudya sabata yonse ana osaphunzira kanthu. Ntchito iliyonse ibwerere ku funso la pa bolodi.

MAFUNSO OYESERA ANA

1. Tchulani masiteshoni awiri a njanji a m'boma la Ntcheu.
2. Fotokozani kusiyana kwa chiyambi cha Blantyre ndi cha Limbe.
3. Kodi thanki la madzi linali ndi ntchito yanji pa siteshoni yakale?
4. Perekani zifukwa ziwiri zimene njanji ya 1935 inadzera m'chigwa cha Bwanje.
5. Kodi mayina akuti Wenela ndi Ginnery Corner akutiuza chiyani za mbiri ya Blantyre?
6. Lembani chinthu chimodzi chimene munamva kwa akuluakulu chimene mulibe m'buku lanu.

MAWU OMALIZA

Njira imene tafotokozayi ingagwire ntchito pa sukulu iliyonse. Amene mudzatumizidwe ku Mwanza, ku Ntchisi kapena ku Chitipa mudzasintha mayina a malo ndi funso lalikulu, koma ndondomeko yake ndi yomweyo: mapu a pansi, mzere wa zaka, mawu a akuluakulu, ndi ntchito ya manja a ana. Tikupempha aliyense wa inu amene ayese maphunzirowa pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa kuti abweretse ku koleji kope la nkhani za akuluakulu limene ana ake alemba, pamodzi ndi mayankho asanu a funso lachisanu ndi chimodzi. Tidzawerenga makopewo pamodzi m'kalasi ya kaphunzitsidwe, ndipo amene alembedwa bwino adzasindikizidwa m'magazini ino.